Kabedi ka mkungudza kapeza mwini wake

Ababa, lero mdzukulu wanu Chisomo wagona koyamba m'kabedi kanu kaja. Chakwana chaka chitisiyireni, koma fungo la mkungudza likadali m'chipinda ngati mwangotuluka kumene. Ndakumbuka tsiku lija m'sitolo ya pa Chinakanaka, ndili woyembekezera kachitatu, nditapita padera kawiri. Ine ndinaloza kabedi kachitsulo kopinda, ka matayala. Inu munakagwedeza n'kuseka: "Aka mwana akangoyetsemula kagwa. Nanga mipata iyi, mutu sulowa?" Titafika kunyumba munazula chitseko chanu chakale cha mkungudza n'kuyamba kupala. Timitengo ta m'mbali munatiika mothithikana, pamwamba n'kukhomapo pokoleka neti. Azakhali anakalipa kuti mwana sakonzeredwa pogona asanabadwe, ndi kuitana tsoka. Ine mtima unali m'mwamba, koma inu munangoti, "Mlongo, Mulungu saopa matabwa."

Simunamuone, Ababa, koma anabadwa wamoyo, wonenepa, wa mphuno yanu yomweyo. Ndiulule, ndimasuzumirabe kawirikawiri kuti ndione ngati akupuma, kenako n'kugwada kuthokoza Ambuye. Mwapambana ndinu. Ndipo neti ija, amene akwera pampando kuikoleka lero ndi azakhali omwe aja, akuimba nyimbo ya kwaya yanu.