Zenera Limene Dona Inês Sanapukute

Dona Inês anabwerera ku Zóbuè kuchokera ku Malawi mu 1993, mwana kumsana, tsache m'manja. Za tsachezi sindikunama, tinakwera lole imodzi. Atasamukira ku Moatize, kudera lotchedwa 25 de Setembro, anakolopa m'maofesi zaka makumi awiri. Fumbi la malasha enafe tinaligonjera kalekale, koma mazenera awo ankawala mpaka kutichititsa manyazi.

Mwana wakumsana uja, Dionísia, anaphunzira mpaka kunja. Chaka china mu Agosto anabwera ndi magalasi awiri atakulunga m'nsalu.

"Amayi, ili ndi galasi wamba. Linzakeli ndinaliika m'makina otseka, ochotsedwa mpweya. M'menemo timaomba chitsulo chotchedwa titaniyamu ndi mphamvu ya magetsi, tizidutswa take n'kumathetheka, kusakanikirana ndi okisijeni amene timalowetsamo pang'ono, kukamatirira pagalasi. Chikutocho n'chopyapyala, maso sachiona. Dzuwa likawomba chimadya litsiro, mvula n'kutsuka."

Anawaika onse awiri pazenera loyang'ana kumsewu.

"Musapukute mpaka mvula igwe. Aphunzitsi anga akufuna chithunzi cha fumbi lenileni la kuno. Mukangopukuta, ntchito yanga ya chaka chonse yapita."

Atatero anabwerera kusukulu kwake kunja. Mwana ameneyu sankadziwa chimene ankapempha! Zenera linada bii. Azimayi opita kumsika ankachedwetsa mapazi pakhomopo, akufunsana mokweza kuti, "Kodi Dona Inês akudwala?" Mayi aja zinkawapweteka kwambiri, ndipo ine, mnzawo weniweni, ndinali patsogolo kuwaseka.

Tsiku lina ndinawapeza ataima pazenerapo, chiguduli chonyowa m'manja, dzanja lili m'mwamba. Atandiona anandiponyera.

"A Rebeca, kachisungeni kwanu. Ndingalakwire mwana."

Ndinachisunga miyezi iwiri, ndipo kuseka ndinasiya.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembro, masana. Tinathamangira panja osafunda kanthu. Pagalasi wamba madzi anasiya mizere yakuda yonyansa. Pa la m'makina lija madzi anayala ponseponse, n'kutsika ndi fumbi lonse, galasi mbee!

Dona Inês analulutira, anavina pamatope ngati mtsikana, mpango utagwa. Anajambula ndi foni kangapo, natumizira mwana wawo, kenako anaitana mmodzimmodzi onse aja ankawanena kuti adzaone. Inenso misozi inalengeza ndi chimwemwe.

Dionísia atayankha kuti zithunzi zafika bwino, mayi aja anatembenukira kwa ine akupumira m'mwamba.

"A Rebeca, thamangani mukatenge chiguduli changa. Galasi wambali landikwana."