Chulu cha m'munda mwanga

Kwathu n'kuchigwa, pakati pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Foni kuno ntchito yake ndi tochi. Netiweki imadutsa m'mwamba ngati kabawi, osatera.

Pali malo amodzi okha pamene imatera: pa chulu cha m'munda mwanga. Ine sindinkadziwa. Chulucho ndinali nditachikonzera kale ntchito. Mayi akunyumba anadandaula zaka zitatu kuti khitchini ya udzu yawatopetsa, ndiye ndinawalonjeza kuti mvula ikatha chulu chigwa, tiumba njerwa.

Chaka chimenecho ndinadzala mtedza. Mu Febuluwale ndinapeza mizere itatu yopondedwa. Ndinati ndi mbuzi. Nditayang'ana bwino mapazi, ndinaona kuti mbuziyo imavala nsapato.

Loweruka m'mawa ndinakabisala m'chimanga cha mnzanga woyandikana naye munda. Dzuwa litakwera pang'ono, ndinaona munthu pamwamba pa chulu, dzanja lili m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Anali aphunzitsi aakazi a sitandade 8, amene ankaphunzitsa mwana wanga wamkazi, chisamba changa.

"Madamu, mwadzala chiyani pamenepo?"

"Pepani bambo. Ndikusaka netiweki."

"M'mtedza mwanga?"

"Mtedzawo ndaupepesa kale. Imagwira pano pokha. Kusukulu ndayesa mpaka kukwera pa desiki, ana kundiseka."

Anandifotokozera. Aphunzitsi a m'boma lathu ali ndi gulu lawo pa foni. Amatumizirana mapepala a mayeso akale ndi timakanema ta maphunziro. Kusukulu mabuku ndi ochepa, ena anatha ndi chiswe. Ndiye iwo amalandira zinthuzo pa chulu Loweruka, Lolemba n'kukazilemba pa bolodi.

"Ndionetseni," ndinatero.

Anatsika, n'kundionetsa kanema wa mtima ukupopa magazi. Mtima ndimaudziwa, ndapha mbuzi zambiri. Koma sindinauonepo uli pa ntchito. Ndinaonera kawiri.

"Muzidutsa mzere umodzi, osati itatu," ndinawauza. "Ndipo Juni akafika chulu ichi chigwa."

"Mayeso ndi a Meyi, bambo. Tidzakhala titamaliza."

Mzere umodzi unasanduka msewu. Aphunzitsi anayamba kubwera ndi ana a kalasi yonse akaweruka. Iwo pamwamba, ana m'munsi atazungulira chulu, makosi m'mwamba ngati anapiye. Tsiku lina kutagwa mvula aphunzitsiwo anaterereka, kutsika ndi msana mpaka pansi, foni ili m'mwamba osaitaya. Mawa lake ndinasema makwerero ndi khasu. Sichinali chifundo. Akagwa amagwera mtedza wanga.

Mwana wangayo masamu ankamuzunza. Ine sindikanamuthandiza, sukulu ndinalekera sitandade 6. Kunyumba mwanayu ndi munthu wamanyazi, ukamufunsa kanthu amayankha chapansipansi. Tsiku lina ndikupalira ndinamva mawu okweza pa chulu. Anali iyeyo, foni ya aphunzitsi ili pakamwa, akufunsa funso la masamu kwa mphunzitsi wina wa ku Dowa boma amene sanamuonepo. Anafunsa mosajejema. Ndinaimika khasu. Yankho linabwera mawa lake, mawu a munthuyo akufotokoza pang'onopang'ono. Analimvera kasanu. Madzulo analemba masamuwo ndi khala pa chitseko cha khitchini, amayi ake n'kumukalipira.

Meyi anafika, mayeso analemba. Mtedza tinakumba. Unachepa pang'ono.

Mu Juni ndinabwereka chikombole choumbira njerwa, madzi tinatungira m'migolo. M'mawa wina ndinanyamula piki. Mayi akunyumba ananditsatira ndi khasu, akuimba. Pa chulu tinapeza aphunzitsi atakhala pa makwerero.

"Mwabwera kudzandiletsa?"

"Ayi bambo, chulu n'chanu. Ndabwera kudzatsanzikana nacho. Tagwira nacho ntchito bwino, kuposa anzanga ena a kuofesi."

"Tsanzikanani msanga," anatero mayi akunyumba. "Ine utsi wandimaliza maso."

Mwana uja anali kumbuyo kwathu. Anandigwira mkono wa malaya.

"Ababa, zotsatira tidzaonera pati?"

"Adzamata kusukulu."

"Kumeneko zimafika mochedwa. Pa foni zimafika tsiku lomwelo."

Ndinayang'ana piki, ndinayang'ana amayi ake. Iwo anali atagwira kale m'chiuno.

"Tidikire zotsatira," ndinatero. "Dzuwa likadalipo mpaka Okutobala."

"Mukadikira, muziphika ndinu," anatero amayi ake, n'kubwerera kunyumba. Nyimbo ija inathera pomwepo. Masiku atatu ndiwo zinali zopanda mchere wokwanira.

Tsiku la zotsatira linafika. Aphunzitsi anakwera pa chulu, makolo ndi ana titazungulira m'munsi. Foni inachedwa. Ankaitembenuzira uku ndi uko ngati akuwotcha chimanga. Kenaka anayamba kuwerenga. Mwana wanga anamutchula wachinayi: wasankhidwa ku sekondale yogonera konko, kuseri kwa Dowa. Amayi ake analuluta mpaka agalu kuuwa.

Mawa lake ndinatenganso piki. Lonjezo ndi lonjezo. Ndisanatuluke pa bwalo, mayi akunyumba anandiima kutsogolo.

"Mukupita kuti, abambo?"

"Ku njerwa zanu."

"Chulu chimenecho musachikhudze."

"Nanga utsi uja?"

"Utsi sunaphepo munthu kwathu. Mwana akapita kumeneko, ndizilankhula naye pati? Padenga?"

Piki ndinaibweza pakhonde.

Njerwa tinaumba chaka chotsatira, dothi lochokera kudambo, lotuta pa ngolo. Zambiri zinasweka. Khitchini inatuluka yaing'ono, munthu wamtali amalowa chowerama.

Chulu chidakalipo. Aphunzitsi amabwerabe ndi ana ena a sitandade 8. Lamulungu tikachoka kutchalitchi amakwerapo ndi mayi akunyumba, dzanja m'mwamba, kukuwa kuti mwana amve, ngati foniyo ndi yogontha.

Chaka chino ndadzala soya. Mzere umodzi ndausiya dala.