Mfuti ya Malume Inkangonong'ona

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene malume anga a Gibson ananditenga kukaona mfuti yawo. Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa kuti ndikwiyire ndani kwenikweni.

Tinkakhala ku Springburn, dera lina la mzinda wa Glasgow, ine ndi amayi, m'nyumba za khonsolo. Malumewo anaphunzira za nkhalango, ndipo ntchito yawo inali yopha agwape amene amadya mitengo yongobzala kumene kunja kwa Glasgow. Chiphaso anali nacho, mfuti anali nayo, pakamwa ndiye osanena. Tikamamwa tiyi titaweruka ku tchalitchi, nkhani yawo inali imodzimodzi: sailensa, chichubu chakuda chimene amamangirira kukamwa kwa mfuti kuti isamalire kwambiri.

"Yangayi imangonong'ona," ankatero. "Zovala m'makutu n'za anthu amantha."

Loweruka limenelo ankapita ku famu ina kukayesa ngati mfutiyo ikulunjika bwino, polasa pepala lokhomedwa pathabwa. Mawa lake ndinali woti ndiimbe ndekha ndime yoyamba ya nyimbo ya kwaya, ulendo wanga woyamba, nditayeserera mwezi wathunthu m'bafa. Amayi nkhawa yawo yonse inali pa mphepo. Anandikulunga sikafu kawiri, nandipatsa fulasiki ya tiyi wa jinja.

"Achimwene, musakamuzizitse mwanayu pakhosi, mawa akuimba."

Pakhosi! Palibe anaganizako za makutu.

Titafika, malume anatulutsa zotchinga m'makutu zachikasu zimene anapatsidwa ku ntchito, zikadali m'pulasitiki yake. Anandiponyera. "Vala iwe, amayi ako angandidye wamoyo." Iwo anagona chafufumimba pafupi ndi shedi ya malata, ine ndinagwada kumanja kwawo, maondo m'matope onunkha ndowe za nkhosa. Anawombera kawiri. Ndinangomva ngati munthu wamenyetsa chitseko m'chipinda china, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti malume amanena zoona.

Kenako anatembenuza mutu n'kuyamba kulankhula. Milomo inkagwedezeka, koma mawu osamveka.

Tsono kwathu kunali lamulo. Wamkulu akamakulankhula uli ndi mahedifoni, umavula onse awiri, osati limodzi ayi, n'kuwagwira m'manja. Foni yanga inalandidwapo sabata yathunthu chifukwa choyankha amayi ndi khutu limodzi, m'Chingerezi cha ku Glasgow chija iwo ankati n'chamwano. Ndiye manja anga sanadikire kuti mutu uganize. Ndinavula, n'kuwerama pafupi.

"Pepani malume, mwati bwanji?"

"Ndimati tamvera mmene ikulirira bwino!"

Basi, anawombera.

Abale inu, kunong'ona kwake kumeneko? Phokosolo linamenya malata n'kubwerera lonse m'khutu langa lakumanzere. Ndinamva ngati wina wandiwomba khofi, kenako m'khutumo munangoti nziii. Malume ankamwetulira, akundiyang'ana ngati andigawira switi.

"Wamva? Ngati kuwomba m'manja basi."

Ndinavomera ndi mutu. Ndikanatani? Kumutsutsa wamkulu nakonso kunali ndi lamulo lake.

Lamulungu ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo, khutu likulirabe. Woimba kiyibodi anali kumanzere kwanga. Anapereka liwu loyambira, koma ine ndinamva awiri, lake ndi la m'mutu mwanga, ndipo ndinatsatira lolakwika. Ndinaimba ndime yonse pambali. Ndinaona azimayi akuyang'ana pansi, wina akulimbana ndi kachikwama kake. Nditamaliza ananena ameni wa chisoni uja, ndipo ndinakalirira ku chimbudzi.

Adokotala anatiuza mosazungulira kuti sailensa imachepetsa phokoso, koma lotsalalo likhozabe kuwononga khutu, makamaka ukakhala pafupi kapena pakakhala khoma. Anati mwina kulirako kudzatha, mwina ayi. Tili m'basi pobwerera, amayi anandizazira.

"Nanga iwe unavuliranji? Mutu ulibe?"

"Malume amandilankhula. Munandiphunzitsa ndinu."

Kenako anati, "Osandiyankha." Ndinapsa mtima moti ndinatafuna sikafu ija.

Kulirako sikunathe. Kunachepa, koma m'nyumba mukakhala zii kumabwera, ndipo ku kwaya ndimaima poti kiyibodi ikhale kumanja kwanga. Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse n'chakuti malume sankanama. Kwa iwo mfutiyo inkanong'onadi, chifukwa makutu awo anali atayamba kale kutha. Munthu ankatitsimikizira kuti phokoso kulibe, chonsecho ndi iye sankamva. Ifenso tinkangovomereza poti ndi wamkulu.

Lero amavala timakina tothandiza kumva m'makutu onse awiri, ndipo amati vuto ndi ife, timalankhulira m'mimba. Mwezi wathawu anabwera kwathu ku Dennistoun n'kupempha kuti atenge mwana wanga wamkazi akaone kuwombera. Ulemu ndimamuphunzitsa, amalandira chinthu ndi manja awiri. Koma tsiku limenelo ndinamuveka ndekha zotchinga m'makutu, tidakali pakhomo, malume akuona.

"Agogo akakakulankhula kumeneko, ukangogwedeza mutu. Osavula. Akati ndiwe wamwano, mwano wakewo ndi wanga."

Malume anapendeketsa mutu. "Wati bwanji?"

Ndinachita kubwereza katatu.