Mizere imene ndinadumpha m'kalata ya mana Rozaliya

Lachiwiri ndinanama, ndipo ndinanama kalata ili m'manja.

Mlongo wanga wamkulu, mana Rozaliya, anakhala ku Zambia zaka zonse za nkhondo, moti Chipwitikizi chimangowadutsa m'makutu. Choncho kalata ya kuchipatala cha ku Tete itafika kumudzi kwathu ku Chipera, anaitanitsa ine mphunzitsi.

Ndinawapeza pabwinja la makolo athu akuumba njerwa, diso limodzi atalimanga kansalu. Chiwayambireni mutu, zinthu amaziona ziwiriziwiri.

"Ndikamasula kansaluka ndimaona nyumba ziwiri," anatero akuseka. "Inayo ndi yako, pulofesolo. Tawerenga."

Kalatayo inati m'fupa la pansi pa chigaza, pamene mutu umakhalira pakhosi, muli chotupa chosaonekaoneka, chokula pang'onopang'ono. Apo ndinawerenga. Inatinso mpeni wa dotolo sufika bwino pamalopo, ndipo kuchira n'kokayikitsa. Apo ndinatsokomola, n'kulumphira pa moni wotsiriza.

Musandiyang'ane choncho. Ndani mwa ife odziwa kuwerenga sanachitepo zimenezi? Pamene makalata ankawoloka malire m'matumba a anthu, maliro tinkawasandutsa matenda, matenda n'kukhala chimfine. Tinkati n'chifundo. Mtendere unabwera, anthu anabwerera, koma kawerengedwe kameneko sitinakasiye.

Tsiku limene ndinaperekeza mana kukapimidwa ku Tete, dotolo wina wokonda macheza anandiuza chinthu chimene chikundiyendabe m'mutu. Akuti thupi nalo lili ndi makalata ake, amene amawatcha majini, ndipo siliwerenga mizere yonse. Kalata imodzimodziyo, pena lidumpha apa, pena apo, ndipo chotulukapo chimasiyana. Ofufuza za chotupa chotere akuyesa kumvetsa kuti m'kati mwake makalatawo akuwerengedwa motani. Mwina mankhwala adzachokera kumeneko. Liti? Dotoloyo anangotambasula manja.

Pobwerera kunyumba kwanga ku Fingoe masana a Lachiwiri lija, ndikupalasa njinga, ndinkalota ndili maso. Ndinkaona kamunthu katakhala pansi pa chigaza cha mana, mumdima wofunda, kakutsata mizere ndi chala. Kakafika pena kamatsokomola, n'kudumpha. Kodi nako kamati kakuchita chifundo? Ndinkafuna kukagwira paphewa, ndikauze kuti kabwerere pamzere uja. Mpaka njinga inandilowetsa mumchenga.

Koma chimene chikundipweteka mtima si kamunthuko ayi. Ndi zimene mana ananena nditapinda kalata.

Ali ndi mwana mmodzi yekha, Tereza, amene anatsala ku Zambia pabanja. Sanaonane chibwererereni kuno.

"Basi, ngati n'chapang'onopang'ono, Tereza asavutike," anatero akukanda dothi. "Umulembere kuti adzabwere chaka chamawa, denga litatha. Asadzandipeze m'chisakasa ngati wothawa nkhondo."

Ndinavomera ndi mutu. Manyazi anandigwira.

Inu a kuno mukudziwa zimene mvula imachita ndi misewu yathu. Ikangoyamba, Chipera amakhala kutali kuposa Zambia. Mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo akuluakulu anati ukabisa matenda, maliro tidzamva.

Pepala lolembera Tereza lili patebulo panga, loyera mbee, masiku anayi tsopano. Ndikalemba zimene mana anandituma, mwanayo akhala phee kudikira denga. Tsiku limene adzandifunse kuti, "Malume, munkadziwa?" ndidzati ndinkateteza ndani, mayi ake kapena pakamwa panga?