Mawu Amene Mdala wa Gulugufe Sananene

Mpaka lero, ndikatsinzina masana, ndimaona dzuwa likulowa m'timabowo ta malata akale, likutsika ngati ulusi, fumbi likuyandama m'menemo mosafulumira. Umo ndi mmene munkakhalira mu vidiyo sho ya adada pa Jenda. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mabasi akuliza mahutala pamsewu waukulu, amayi akuthamangira mawindo ndi mabeseni a tomato. M'kati muli mdima wozizirira bwino, ziguduli zotchinga mawindo zikununkhabe fodya wa chaka chatha, anthu ali phee pa mabenchi a paini.

Adada ankaonetsa mafilimu, komanso ankamasulira. Ankakhala pampando wawo kutsogolo chakumbali, maikolofoni m'manja, ndipo mzungu akayamba kulankhula pa sikirini iwo ankatsitsa mawu ake n'kuikapo awo. Chizungu chawo chinali chochepa, chotolatola ku esiteti ya fodya kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Zotsalazo zinkachokera m'mutu. Msilikali akakalipa ataloza mfuti, adada ankati, "Akuti mbwenu lero muona, ndinu munaba mbuzi ya apongozi anga!" Nyumba yonse inkagwa nako kuseka. Ine nditamaliza Fomu Folo ndinayesa kuwakonza kamodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana, ukuganiza kuti anthuwa amabwera kudzamva Chizungu? Amabwera kudzamva ine."

Sindinayesenso.

Mafilimu amene ankadzaza nyumba anali a kampani ina yaikulu ya kutsidya la nyanja. Dzina lake palibe ankavutika nalo. Filimu yawo iliyonse inkayamba ndi gulugufe wobiriwira akutambasula mapiko pang'onopang'ono mumdima, ndiye tonse tinkangoti kampani ya gulugufe. Mapikowo akayamba kutseguka, ngakhale woledzera ankasiya phokoso. Ine ndaona gulugufe ameneyo kosawerengeka, komabe nthawi iliyonse mtima wanga unkakhala ngati wanyamuka pang'ono pabenchi.

Amama atamwalira, ntchito zonse za mu sho zinagwera ine. Kusesa makoko a mtedza ndi zikhutu za nzimbe, kupukuta sola padenga, kulumikiza mawaya a sipika makoswe akawadya, kulemba ndi choko pabolodi filimu ya tsikulo, kukwera minibasi kupita ku Mzimba boma kukaikitsa mafilimu atsopano mu fulashi. Achimwene anga, mwana wamwamuna yekhayo, anapita ku Joni kalekale. Ankatumiza zithunzi pa foni atatsamira magalimoto a eni ake, Khirisimasi iliyonse akulonjeza kuti akubwera Khirisimasi ya chaka chamawa. Koma ndikati, "Adada, tigule sikirini yokulirapo," yankho linali limodzi lomwelo: "Tidikire abwere mwini wake."

Mwini wake! Mawu amenewo ankandiwotcha, ndinene zoona. Ine wa mabala a mawaya m'zala ndinali mlendo, mwini wake anali munthu amene sankadziwa n'komwe kuti chitseko chathu umayamba wachinyamula ndi bondo kuti loko alowe. Koma kwathu ndi mmene zilili. Mwana wamkazi amalowoledwa n'kupita kumudzi kwa mwamuna, ndiye za bambo ake sizimuyenera. Ndipo chovuta koposa n'chakuti sungafunse. Ukangotchula za amene adzatenge katundu bambo ako ali moyo, mawa lake mudzi wonse ukuti ukuwafunira imfa.

Chaka chimenecho adada anayamba kufooka. Chifuwa chinkawadula pakati pa chiganizo, msilikali n'kutsala akuyasamula kukamwa popanda womulankhulira. Maso nawonso anachita nkhungu. Tsiku lina tikutseka anandiuza, osandiyang'ana, kuti mvula ikayamba achimwene asanabwere, atseka sho n'kubwereketsa nyumbayo kwa mavenda a chimanga kuti azisungiramo matumba mpaka mwini wake adzafike. Anakazi, alongo a adada a ku Manyamula, anali atayamba kale kunena za bambo wina wa ngolo kumeneko amene ankafuna mkazi wolimbikira ntchito. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kulira mokwiya, ndikumenya batire lakufa ndi chidendene.

Ndiye kunabwera nkhani. Inafika pa mafoni, monga zimafikira zonse masiku ano. Akuti mwini kampani ya gulugufe, mdala wa imvi mbuu, akufuna kupuma. Akuti ali ndi ana awiri, wamwamuna amene anachoka kalekale kukachita zake, ndi wamkazi amene wakhala naye pa ntchito nthawi yonseyi. Nanga mpando atenga ndani?

Aa, Jenda inayaka! Anthu oti nyanja yamchere sanaionepo, ena Lilongwe yeniyeniyo sanafikeko, anayamba kugawa chuma cha mdala uja ngati ndi ng'ombe za malume awo. Ankafika filimu isanayambe, n'kukhala pakhonde kumakangana. Mtsogoleri wa mbali ya mwamuna anali bambo wina wokonza njinga pafupi ndi depoti, wa mawu ngati sipika yophulika.

"Kampani ndi ya mwana wamwamuna, basi. Mkaziyo akakwatiwa mawa, gulugufe apita kwa apongozi. Ndipo taonani mafilimu a masiku ano, moto wokhawokha, nkhani palibe. Ndi dzanja la mtsikanayo limenelo."

Womuyankha anali mayi wa tomato amene ankasiya benchi lake kwa mnzake Loweruka lililonse kuti adzaonere karate. "Inu adada a njinga, musatinyanse. Mwana wanuyo akabwera adziwa pamene pali makiyi? Adziwa dzina la mlonda? Munthu anathawa, lero muti adzakhale pampando chifukwa amavala buluku?"

Panalinso aphunzitsi ena a ku pulayimale amene ankayesa kufotokoza kuti makampani otere sasankha choncho, kuti pamakhala gulu la anthu oikamo ndalama ndipo ndi iwo amavota. Palibe ankawamvera. Nkhani yawo inali yosakoma. Ena ankati mdalayo asachoke, afere pampando, chifukwa ndi iye yekha amadziwa kupanga filimu yoti munthu ulire. Ena ankati kampani yatha kale, tikungoonera mtembo. Onsewo mawa lake ankabweranso kudzaonera mtembowo.

Poyamba ndinkaseka nawo. Kenaka ndinayamba kuona kuti wokonza njinga akati "mtsikanayo", diso lake linkadumphira pa tsache langa. Mayi wa tomato akati "amene anathawa", ankaloza ndi chibwano msewu wolowera kummwera, kumene mabasi a ku Joni amachokera. Ndinazizidwa. Anthu onsewa ankakamba za ife! Zimene mwambo unkawaletsa kunena, anazipezera mzungu wokalamba woti aziwanenera. Adada ankakhala pomwepo pampando wawo, akupukuta maikolofoni ndi mpango.

Masiku amenewo ndinkalota ndili maso. Ndikamasesa m'mawa, fumbi likukwera m'timizere ta dzuwa tija, ndinkamuona mayi wa kutsidya la nyanja uja. Ndinali nditangomuona pa chithunzi chimodzi, wa tsitsi lalifupi, ataima kumbuyo kwa bambo ake. M'mutu mwanga kampani yawo inali nyumba yaikulu ya malata obooka ngati yathu, ndipo iye ankafika m'mamawa ogwira ntchito asanabwere, n'kunyamula chitseko ndi bondo. Ndinkalankhula naye. Ndinkati, mnzanga, kodi nawenso amakuuza kuti udikire mwini wake? Ndinafika pokhulupirira kuti akamupatsa iye mpandowo, inenso zanga ziyenda. Ndi uchitsiru, ndikudziwa, koma ndinkapemphera nazo mu tchalitchi.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo, nyerere zikutuluka, ndinapita ku boma kukatenga mafilimu. Bambo woika mafilimu mu fulashi anandiuza kuti mdala wa gulugufe walengeza, ndipo kanema wake ali naye. Ndinaonera pomwepo, nditaima m'kashopu kake. Mdalayo anathokoza anthu oikamo ndalama. Anati mpando sakupereka kwa mwana wake aliyense. Akupereka kwa bwana wina wa suti wochokera ku kampani ina. Aphunzitsi aja ankanena zoona. Mnzanga wa tsitsi lalifupi anaima kumbuyo, akuomba m'manja, nkhope ili gwa.

Ulendo wobwerera sindikuukumbuka bwino. Ndikukumbuka mitengo ya misuku ikudutsa pawindo, minda yolimidwa kale mizere ikudikira mvula, ndi mwana wa mayi wina akundigwira khutu. Ndinaganiza zofufuta kanemayo. Koma Jenda yonse inali itamva kuti ndapita kukamutenga.

Loweruka masana nyumba inadzaza mpaka ena anakhala pansi, ena anaima kukhoma. Kunali chifundi, fungo la mvula likulowa ndi mphepo pansi pa chitseko. Sindinawauze adada zimene zinali m'kanemayo, ndipo iwo sanafunse. Ndinalumikiza fulashi n'kukaima kumbuyo kwa mpando wawo. Gulugufe anatambasula mapiko. Mdala wa imvi anatulukira, nayamba kuthokoza anthu ake a ndalama aja. Adada anatsitsa mawu ake, natsokomola.

"Akuti yewo, zikomo nonse mwabwera. Akuti ine ndakalamba, mawu akundithera."

Anthu anagwedeza mitu. Mdala pa sikirini ankawerenga pepala lake.

"Akuti ndili ndi mwana wamwamuna, ndipo ndimamukonda chomene. Akuti ndamudikira. Basi iliyonse ikaima pa depoti ndimadzuka kukasuzumira pakhomo, mwina watsika. Akuti maso anga athera pamsewu."

Aliyense ankadziwa kuti mzungu wa ndege zakezake sangadikire mwana pa depoti. Aphunzitsi aja anatsegula pakamwa, "Pepani, koma sakunena..." Mayi wa tomato anawatsina pantchafu.

"Akuti koma pali wina amene sindinamudikirepo, chifukwa sanachokepo. Ndikadzuka ndimapeza wasesa kale. Akuti ndinkaopa anthu, kuti adzati chiyani, mwana wamkazi. Akuti lero anene zimene anene. Akakwatiwa, mwamunayo adzabwere adzakhale pabenchi ngati wina aliyense, alipire pakhomo."

Wina anaseka, kuseka kwa misozi. Pa sikirini bwana wa suti uja anakwera pansanja n'kugwirana chanza ndi mdala, makamera akuthwanima. Ndinati basi, bodza lathera pano. Koma adada, osaphethira n'komwe, anati, "Wa sutiyu musamuope, ndi mboni chabe."

Ndinkafuna kukwiya kuti andizunza zaka zonsezi pamene akanangondiuza tili awiri, komanso ndinkafuna kugwada pansi pomwepo. Mvula inayamba kugogoda malata, dontho apa, dontho apo, ndipo timizere ta dzuwa tija tinazimirira.

Kenaka atolankhani anatembenukira kwa mayi wa tsitsi lalifupi, namuloza ndi maikolofoni awo. Adada sanamasulire. Anakweza dzanja chakumbuyo, pamwamba pa phewa, maikolofoni ili m'manja, osacheuka. Inakhala m'mwamba choncho. Wokonza njinga anang'ung'udza kuti, "Mbwenu basi, kampani yatha," koma sanadzuke pabenchi.

Ndinailandira maikolofoniyo. Inali yofunda, yonyowa ndi thukuta la m'manja mwawo. Mnzanga wa kutsidya la nyanja ankanena mwaulemu kuti akumufunira zabwino bwana watsopanoyo, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa bambo ake analibe wowamasulira. Milomo yake inkayenda, nyumba yonse ikundidikira ine. Mawu onse amene ndinaphunzira kusukulu anandithawa.

"Akuti yewo, adada," ndinatero.

Adada anapukuta maso ndi mpango wa maikolofoni uja, akuyang'anabe kutsogolo.

"Kweza mawu, mama. Akumbuyo sakumva."