Galimoto ya achimwene yagwa ilibe inshuwalansi

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano galimoto ya achimwene a Yosefe yaphulika tayala kufupi ndi Nambuma n'kugwera mu ngalande. Inanyamula amayi a kwaya ochokera ku maliro. Palibe wamwalira, koma mayi mmodzi wathyoka mkono, ali ku chipatala.

Chikundiopsa n'chakuti inshuwalansi inatha mwezi watha. Achimwene atapita kukalipira anakapeza yakwera. Wa mu ofesimo anawauza kuti boma lawonjezerapo msonkho pofuna kutsitsa msonkho wa nyumba za mu tauni. Anabwerako osalipira.

Ndiye pa galasi, pamwamba pa kapepala kothako, anamatapo chithunzi cha Amayi Maria. Wapolisi atafika wachita chizindikiro cha mtanda, kenako wamatula chithunzicho pang'onopang'ono n'kuwerenga deti. Achimwene awatenga, ali ku polisi.

Mwamuna wa mayi wovulalayo wafika kale pakhomo pano. Mpando waukana. Wangoima pa khola n'kumayang'ana ng'ombe zathu ziwiri zija.

Titani abale? Amalume, inu amene akukutsitsirani msonkho wa nyumba ku tauniko, munthuyu ndimuuze chiyani? Sakuchoka.