Makina amene sanapangidwe anandilanditsa pasipoti

Inu owerenga, tsoka langa linandipeza pa sadaka ya bambo anga, ndipo mpaka lero ndikalikumbuka mtima umawira.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake. Ine ndinkagwira ntchito ya kafukufuku pa yunivesite ina kunja. Tinkafufuza za makompyuta a kwantamu, oyendera tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Makinawo kunalibe n'komwe. Zida zathu zinali choko, bolodi ndi kukangana basi.

Bambo atamwalira ndinalephera kufika pamaliro, choncho ndinabwera kwathu kunyanja ku Salima pa sadaka. Titadya mpunga pansi pa mtengo wa mango, ashehe anandifunsa chimene ndimachita kunjako. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinamasuka, n'kufotokoza kuti tsiku lina munthu azidzatumiza uthenga woti wina akangoumvetsera mobisa, eni ake adziwiretu. Kuntchito kwathu nkhani yotere tinkakamba pomwa tiyi. Ndinaiwala kuti kuno anthu ankayamba acheuka asanatchule ngakhale mtengo wa shuga.

Amene anafunsitsa ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, omwe anali apampando a chipani m'dera lathu. Ine n'kumayankha mokondwa, kuyesa ndapeza wophunzira.

Sabata isanathe, anthu a boma anandinyamula pamaso pa mayi anga. Anang'amba matilesi, anakumba m'khitchini, anagubuduza ngakhale bwato la malemu, ati akufuna makina obisira mauthenga a zigawenga. Ndinalumbira kuti makinawo kulibe padziko lonse, akadali m'mitu mwathu. Ku ofesi kwawo, mkulu wawo anatsekera pasipoti yanga m'dilowa n'kunena mofatsa kuti, "Ngati ali m'mutu mwanu, achimwene, mutuwo ukhale konkuno."

Anandimasula osandimenya, ndipo ena amati ndithokoze. Ndithokoze chiyani? Anzanga kunja anandidikira mpaka anatopa, malo anga n'kupatsa wina. Pamene zinthu zinasintha n'kundibwezera pasipoti, kafukufuku anali atapita kutali, ine ubongo utachita dzimbiri ndi kuyanika usipa. Zimene anzangawo amalemba masiku ano ndimawerenga ngati mlendo.

Alamuwo anakwezedwa udindo. Sanapepese. Ati ankateteza banja, poti akanapanda kunena iwo akananena wina, tonse n'kumangidwa. Mlongo wanga amandichonderera kuti ndiiwale, koma ine alamuwo ndimangowapatsa moni chifukwa cha ana.

Inu amene mwaphunzira zozama, musanafotokoze ntchito yanu pagulu, yambani mwaona amene akumvetsera ndiponso chimene angapindule nacho. Ndipo inu okonda kuthamangira kwa akuluakulu ndi nkhani imene simunaimvetse, dziwani kuti mumapha munthu akuyenda. Ine anandikwirira ndili ndi moyo, wokumba manda ali mlamu wanga.